Rimoti ya a Tcheya

Matipate anabweretsa zambiri kuno ku Senga Bay: matisheti, nsalu zokhala ndi nkhope za anthu, udani wa pachibale, ndiponso vidiyo. Koma vidiyoyo sinabwere yathunthu ayi. Inabwera chiwalo chimodzichimodzi.

Anthu atatu ankalimbirana mpando wa phungu chaka chimenecho, ndipo onse anamva mphekesera yoti asodzi a padoko akulira vidiyo. Woyamba anafika ndi sikirini, anaitula pamaso pa anthu, amayi akuimba nthungululu. Wachiwiri atamva anati ine sindingachepe, anabwera ndi deki yoseweretsera matepi. Wachitatu anapeza zabwino zatengedwa kale, ndiye anatula ampu ndi masipika awiri otalika ngati mabokosi a maliro. Jenereta anasonkherana okha asodzi. Chisankho chitatha awiri anagwa, mmodzi anapita ku Nyumba ya Malamulo, ndipo onse atatu sanapondenso mchenga wa kuno. Katundu anatsala m'shedi ya kalabu ya asodzi.

Tsono taonani nzeru za andale. Aliyense potula katundu wake, rimoti sanapereke ku kalabu. Anaisiya m'manja mwa munthu wa chipani chake. Ya deki inapita kwa Che Omari, mwini maukonde a chilimira. Ya ampu inapita kwa mayi Molly a tiyirumu, amenenso anali ndi mathandala oyanikapo usipa kuyambira padoko mpaka kumsewu. Ya sikirini inagwera a Lenard Kachigamba.

A Lenardwa anali tcheyamani wa nthambi m'masiku a chipani chimodzi. Amene anawaona nthawi imeneyo akudziwa. Ankaima pachipata cha msika, mimba patsogolo, ndipo mayi wosenza dengu la usipa ankayenera kutula kaye, kumasula mfundo ya chitenje, kuonetsa khadi ya chipani. Akatsokomola pamsonkhano anthu ankasiya kulankhula. Kenaka kunabwera riferendamu, kenaka chisankho, ndipo m'mawa wina a Lenard anadzuka n'kupeza kuti ndi mkamwini basi, munthu wa ku mapiri a Dowa amene anadzakwatira kunyanja, wosadziwa kugwira nkhafi, wopanda ukonde, wopanda munda wakewake. Dzina loti a Tcheya linatsala, koma anthu ankalitchula pakamwa pali kachiseko.

Njala sankaiopa. Akazi awo, a Rosemary, ankawamba nsomba, ndipo pakhomo moto sunkazima. Chimene chinkawadya mumtima n'choti anthu aziyamba zinthu osawadikira. Maliro ankanyamuka iwo asanafike. Milandu inkagamulidwa iwo n'kudzamva kwa anthu odutsa. Malo amodzi okha anatsala padziko lapansi pamene kanthu sikakanayamba popanda a Lenard, ndiwo m'shedi ya vidiyo.

Chifukwa chake n'chakuti poopa akuba, kalabu inaitana wowotcherera zitsulo kuti aipangire sikirini khola. Mmisiriyo, kaya anali atalawa, anawotcherera mbali zonse osasiya chitseko, mabatani onse n'kubisika kuseri kwa chitsulo. Jenereta ikalira, sikirini inkangoyatsa kadiso kofiira, duu, kudikira rimoti. Ndipo rimotiyo inkagona m'thumba la jekete ya a Lenard, yokulungidwa m'pepala la shuga.

Vidiyo kuno inkaonetsedwa masana, poti usiku amuna amakhala ali panyanja ndi nyali zawo. Asodzi akagona m'mawa wonse ankadzuka, kusukusula, n'kudzazana m'shedi, ena pamabenchi ena pamchenga. Mayi Molly alipo, Che Omari alipo, jenereta ikumwa mafuta. A Lenard kulibe. Ankadziwa bwinobwino kuti nthawi yakwana, phokoso la jenereta linkafika mpaka pakhonde pawo, koma ndi pamene ankayamba kupukuta nsapato. Mpaka abwere amuna awiri, zipewa m'manja.

"A Tcheya, anthu akudikira."

Mawu amenewo, abale inu! A Lenard ankawamva kukoma kuposa chambo chootcha. Ankanyamuka mosafulumira, kulowa m'shedi anthu akupatuka, kukhala pampando wa kutsogolo, kuloza sikirini monga ankalozera munthu wopanda khadi, n'kudina. Sikirini ngwee!

Koma chimwemwe chawo chinali ndi minga iwiri. Mabatani a deki anali atafa kale ndi mchenga, ndipo kokwezera mawu pa ampu kanathyoka sabata yoyamba yomwe, choncho anzawo awiri aja nawonso anali mafumu. Nthawi ya swala ya alasiri ikakwana, Che Omari ankaimitsa tepi, kuponya rimoti m'thumba la mkanjo, ulendo wa kumzikiti. Zinalibe kanthu kuti filimu yafika pati. Munthu wa karate ankatsala m'malere, mwendo uli m'mwamba, mpaka Che Omari amalize kuswali ndi kupereka moni kwa onse a m'njira. Mayi Molly nawo, mandasi akangopsa, ankatsitsa mawu mpaka zii. Anthu a mufilimu ankangoyasama ngati nsomba za m'bwato, kufikira beseni la mandasi litaoneka pansi pake.

"Dziko lingayende bwanji chonchi?" ankadandaula a Lenard kwa akazi awo. "Marimoti atatu m'nyumba imodzi! Kale zikanatheka zimenezi?"

"Kale kunalibe vidiyo," ankayankha a Rosemary, maso ali pa nsomba zawo.

Chimene chinawatsiriza chinachitika Loweruka lina. Kunabwera alamu awo ochokera ku Chinguluwe, ndipo a Lenard anawatenga kuti akaone mmene anthu akunyanja amalemekezera munthu. Analowa, anakhala, analoza, anadina. Sikirini inayera, koma buluu wokhawokha. Che Omari anali atapita ku Maganga ku sadaka ya malume awo, rimoti ili m'thumba. A Lenard anadina apa, anadina apo, buluu yemweyo. Msodzi wina kumbuyo anakuwa, "A Tcheya, ilamuleni! Ifunseni khadi!" Shedi yonse inafa nacho chiseko, ngakhale alamu aja anabisa pakamwa ndi chipewa. Tsiku limenelo a Lenard sanadye.

Nkhani ya rimoti yolamula zonse anaimva kwa khukhi wa pa loji ina ya azungu. Ati bwana wake anali ndi imodzi yokha, yoyatsa sikirini, yoyendetsa tepi, yokweza mawu, munthu ali chigonere pampando. A Lenard anamufunsa kawiri kuti atsimikize kuti sakuwaseka. Sabata yomweyo anagulitsa njinga yawo, imene chipani chinawapatsa masiku abwino, anakwera matola mpaka ku Salima, basi mpaka ku Lilongwe.

Anafunsafunsa cha ku Malangalanga mpaka anawalozera kashopu ka zamagetsi ka Che Ramadhani, munthu wa ndevu zometa bwino, wolankhula mofatsa.

"Ndikufuna rimoti yomvera munthu mmodzi," anatero a Lenard atangomaliza moni.

"Bwana, rimoti iliyonse imamvera amene waigwira."

"Ndikunena yolamula zonse. Sikirini, deki, ampu, zonse pansi pa chala chimodzi."

Che Ramadhani anagwedeza mutu, anatulutsa marimoti awiri n'kuwayala pagalasi.

"Iyi ndi yaing'ono, yosavuta. Imagwira sikirini ndi deki. Mabatani ndi ochepa, ngakhale munthu wosawerenga atha nayo."

"Nanga ampu?"

"Ampu ayi."

A Lenard anaona m'maganizo nkhope ya mayi Molly ndi beseni lawo la mandasi. Anakankhira rimotiyo pambali ndi chala chimodzi.

"Ina iyi imagwira zinthu zinayi," anapitiriza mwini shopu. "Imabwera ndi kabuku ka manambala. Mumayang'ana dzina la sikirini yanu m'kabukumu, mumadina nambala yake, basi yagwira. Yanu ndi ya mtundu wanji?"

Apa a Lenard anakanda m'mutu. Dzina la sikirini ija palibe analionapo, chifukwa wandale uja anapakapo penti n'kulembapo lake, pansi pake mawu oti MUNTHU WA CHITUKUKO. Deki nayo inali ndi dzina la wandale wachiwiri, ampu la wachitatu. Poti munthu wamkulu sanena kuti sindikudziwa, anatchula mayina atatu omwewo. Che Ramadhani anatsegula kabuku mwaulemu, anayendetsa chala kuchokera pamwamba mpaka pansi, nati, "Pepani bwana, makampani amenewa sanalembedwemo."

Kenaka anawerama, anatulutsa bokosi lapaderadera, anauzira fumbi. M'kati mwake munali rimoti yakuda bii, yaitali ngati chinangwa cha ku Maganga, mabatani ali ndandanda mizeremizere.

"Tsono pali iyi. Iyi sifunsa dzina. Imaphunzira."

"Imaphunzira? Kwa ndani?"

"Kwa zinzake. Mumaigoneka patebulo, mumatenga rimoti yakale, muziyang'anitsa pakamwa ndi pakamwa. Mukadina batani pa yakaleyo, iyi imamva n'kusunga. Batani limodzilimodzi, mpaka yakaleyo itaulula zonse zimene imadziwa."

"Itaulula zonse," anabwereza a Lenard. Mawu amenewo anawakumbutsa ntchito yawo yakale, ndipo mtima wawo unagwera pomwepo. Koma munthu wamkulu sagula chinthu ngati mwana wogula switi. Anaitembenuza, anaiyesa kulemera m'dzanja, anainunkhiza, kenaka anayamba mafunso monga ankachitira ndi anthu ofuna udindo m'nthambi.

"Imaiwala?"

"Ayi, bola mabatire musamachedwe kusintha."

"Simasankha? Tinene kuti deki ndi ya chipani china, ampu ndi ya chinanso?"

"Ilibe chipani, bwana."

A Lenard anakwinya pang'ono, poti chinthu chopanda chipani sankachikhulupirira, koma anapitiriza.

"Ikaphunzira zonse, zakale zija ntchito yake n'chiyani?"

"Palibe. Mukhoza kupatsa ana aziyesa galimoto."

Ha! A Lenard anaseka mpaka kutsamwa. Anaona Che Omari akupita kumzikiti ndi chidole m'thumba, tepi ikuyendabe. Anaona mayi Molly akudina mpaka chala kutupa, beseni lili tho, mawu osatsika. Amene ankawaseka anali anzawo awiri okha. Zoti marimoti akalewo analipo atatu, mutu wawo sunafike pamenepo.

Anaigula, koma vuto analiona pobwerera, basi itadutsa kale pa Mvera. Kuti chinthucho chiphunzire, pankafunika marimoti a anzawo aja, ndipo anzawowo sanali ana. Anayamba ndi nzeru zachidule.

"Che Omari, tandibwerekani rimoti yanuyo tsiku limodzi, ndikaipukute fumbi."

"Wallahi a Tcheya, iyi ngakhale mayi akunyumba saigwira. Fumbi lakelo ndimalikonda."

Mayi Molly anangochotsa yawo patebulo n'kuilowetsa m'kamisolo, maso ali pa a Lenard.

Panalibe kuchitira mwina, anaitanitsa msonkhano wa kalabu. Anaima kutsogolo, anatsokomola, anadikira kuti anthu akhale chete, anatsokomolanso, kenaka anangoyamba m'phokoso momwemo.

"Abale anga, tavutika mokwanira! Atambala awiri salira m'khola limodzi, nanga atatu? Munthu wa karate atsale m'malere mpaka liti? Mfuti zizilira chamumtima mpaka liti?" Anasolola rimoti ija m'jekete n'kuikweza m'mwamba. "Ndakubweretserani umodzi!"

Asodzi anaimba malikhweru, chifukwa kunena zoona kuimaima kuja anali atatopa nako. A Lenard anafotokoza za pakamwa ndi pakamwa, za kumva ndi kusunga. Che Omari ankangosisita ndevu. Ndiye anaimirira mayi Molly, anamanganso chitenje, ndipo amene amawadziwa anayamba kugundana zigongono.

"Zabwino zedi, a Tcheya. Ine yanga ndibweretsa, iulule. Koma tandiuzani. Chinthucho chikadya mphamvu zanga, chikadya za Che Omari, chikadya zanu, chikhala cha ndani?"

"Ndagula ndine."

"Mwagula chopanda kanthu m'mimba. Chakudyacho n'chathu. Chikakhuta chikhale cha kalabu, ndipo wochigwira tisankhe. Si matipate kodi?"

"Voti! Voti!" inayankha shedi yonse. Zaka zimenezo anthu anali atangolawa kuvota, ndipo ankafuna kuvotera chilichonse, ngakhale tsiku lokumba chimbudzi cha padoko.

A Lenard anamwetulira. Anavomera pamaso pa anthu onse, ndipo anawonjezera okha kuti kavotedwe kakhale ka mzere: opikisana aime kutsogolo atafulatira anthu, aliyense akaime kumbuyo kwa amene akumufuna, wopikisana asacheuke mpaka mizere itatha. Za mapepala obisa m'bokosi sankazifuna. Ankafuna adzaone ndi maso awo amene adzalimbe mtima kukaima kwina.

Kunyumba a Rosemary anamva nkhaniyo akutembenuza nsomba pawaya. Anasiya, anapukuta manja.

"Abambo, mwavomera bwanji? Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Munali ndi kanu kakang'ono, anthu amakudikirani, amabwera kudzakutengani. Chavuta n'chiyani?"

"Inu mayi, ndale simuzidziwa. Ine chiyambire sindinagwepo pachisankho."

"Munapikisanapo ndi ndani?"

Funso lachabechabe, anaganiza a Lenard. Masiku aja munthu mmodzi ankatchula dzina lawo, wina n'kuvomereza, anthu n'kuwomba m'manja, chisankho chatha. Ngati palibe ankaima kulimbana nawo, si ndiye kuti anthu ankawakonda?

Tsiku lophunzitsa rimoti shedi inadzaza mpaka ena kusuzumira m'mipata ya bango. Patebulo anayalapo nsalu. Kuti aonetse mtima woyera, a Lenard anayamba ndi yawo. Anaimasula m'pepala la shuga, anaigoneka pakamwa ndi pakamwa ndi yatsopano ija, anadina batani loyatsira. Kadiso kofiira phethi!

"Yameza!" anakuwa asodzi.

Batani lililonse, "Yameza!" Che Omari anati Bisimillahi n'kugoneka yawo, nkhope ili ngati ya bambo amene akupereka mwana wake wamkazi ku banja losalidziwa bwino. Ya mayi Molly inatuluka m'kamisolo ili yofunda, ndipo a Lenard anailandira ndi zala ziwiri, maso kumbali.

Kenaka inakwana nthawi yoyesa. A Lenard anaimirira nayo m'dzanja. Anayatsa sikirini. Anayendetsa tepi. Anaimitsa. Anabweza m'mbuyo, munthu amene anagwa mufilimu n'kudzuka n'kuyenda chafutambuyo. Anakweza mawu mpaka malata kunjenjemera, anatsitsa mpaka kumveka ntchentche. Zonse zikumvera, nthawi yomweyo, popanda wofunsa chifukwa. Misozi inalengeza m'maso mwawo. Chichitikireni riferendamu sanamvepo kukoma kotere, ndipo akanatha kuima pamenepo mpaka jenereta itatha mafuta. Koma mayi Molly anatambasula dzanja. Rimoti anaitsekera m'thiranki ya kalabu kudikira Loweruka, tsiku la voti.

Kampeni anaichita wapansi, poti njinga inali itapita. Anayenda thandala ndi thandala, bwato ndi bwato, kugawa ndudu. Analonjeza kuti tepi sidzaimanso, mawu sadzatsikanso, ndipo pamene anthu a mufilimu akungocheza azithamangitsa kuti ndewu ifike msanga. Aliyense analandira ndudu ndi manja awiri.

"Ife ndi anu, a Tcheya. Nanga tingapite kuti?"

Mawu omwewo, pakamwa pomwepo, ndi amene ankawauza kale pachipata cha msika khadi ili m'manja, koma a Lenard ankabwera kunyumba akuimba. Anawaona ndithu Che Omari ndi mayi Molly atakhala nthawi yaitali m'tiyirumu, mitu pamodzi, tiyi akuzizira. Anati asiyeni, akupepesana.

Loweruka anthu anasonkhana pamchenga pafupi ndi shedi, dzuwa likuswa mtengo. Atatu aja anaima kutsogolo atayang'ana kunyanja. Mlembi wa kalabu ali pafupi kuimba wezulo, Che Omari anakweza dzanja.

"Ine ndaganiza, ndasiya. Mayiwa alonjeza kuti alasiri ikakwana aziimitsa tepi, ndipo mandasi azigulitsa nthawi yomweyo, kuti tisamaime kawiri." Anachoka pamalo pawo n'kukaima kumbuyo kwa mayi Molly.

Mmodzi wagwa kale tisanayambe, anaganiza a Lenard, ndipo anakoka jekete kuti ikhale bwino.

Wezulo analira. Tsono vuto la mchenga n'lakuti suulula mapazi. Pabwalo la sukulu munthu umamva mgugu, umadziwa kuti anthu akulowera kuti. Apa a Lenard ankangomva manong'onong'o, kachiseko patali, mwana akulira. Kumbuyo kwawo kwenikweni munthu wina anatsokomola, ndipo anamva fungo la utsi. Ayamba kufika, anatero mumtima. Khosi linkayabwa kufuna kucheuka, koma lamulo anaika okha. Thukuta likuyenderera kumsana, anayamba kukonza mawu othokoza. Anaganiza zowakhululukira mayi Molly pamaso pa anthu, mwinanso kuwalola kuti Lamlungu azigwirako rimotiyo pang'ono, iwo akuyang'anira.

"Cheukani!" anakuwa mlembi.

Mzere wa mayi Molly unayambira pamadzi, unadutsa pakati pa mathandala, unakakhota kuseri kwa shedi. Munali onse. Munali amene anasuta ndudu zawo, wina ndudu ikadali kukhutu. Munali amuna awiri a zipewa m'manja aja, maso ali pansi. Kumbuyo kwa a Lenard kunaima munthu mmodzi yekha, a Rosemary, manja ali bii ndi utsi wa nsomba, munthu amene chiyambire sanapondemo m'shedi ya vidiyo.

"Mwabera!" anakuwa a Lenard. "Pachitika chinyengo apa! Tiwerengenso!"

"Werengani nokha, a Tcheya," anatero Che Omari mofatsa. "Ife tidikira."

Ena anaseka, koma chiseko chake sichinapite patali. A Lenard anayang'ana akazi awo.

"Inu mwabwereranji kuno?" anafunsa chapansipansi.

"Ndinaona kumene mapazi amalowera. Ndinati musacheuke n'kupeza mchenga wokhawokha. Tiyeni kunyumba, nsomba ndasiya pamoto."

Lolemba masana a Lenard anakhala pakhonde. Jenereta inalira. Anadziuza kuti mwambo ndi mwambo, abwera ndithu, anthu sangasinthe tsiku limodzi. Anayang'ana kunjira. Kunadutsa mbuzi, kunadutsa mayi wa nkhuni. Kenaka mphepo inabweretsa nyimbo yoyambira filimu, ndi kulira kwa mfuti, ndi mfuu wa asodzi. Ayamba. Zinawapweteka, abale, kuposa mzere uja, chifukwa pamzere paja anthu anali atawakana, koma apa anali atangowaiwala.

Anaimirira. Rimoti yakale anali akadali nayo, mabatire ali amoyo. Anayenda mofulumira, osapereka moni kwa aliyense, anafika pashedi n'kukweza chiguduli chotchinga pakhomo. M'kati munali mdima ndi misana ya anthu. Mayi Molly anali kutsogolo akudya mtedza, rimoti yaikulu ili pamiyendo. A Lenard anakweza dzanja pamwamba pa mitu ya anthu, analoza, anadina.

Sikirini thima!

"Aaaa!" inabuula shedi yonse. A Lenard anatukula chifuwa, kudikira kuti mitu itembenuke, kuti wina anene kuti a Tcheya chonde. Mayi Molly, mtedza uli m'kamwa, anangonyamula rimoti yawo n'kudina. Filimu inapitirira pamene inalekera.

"Jeneretayi yayamba matenda," anatero wina.

A Lenard anadinanso. Inathimanso. Mayi Molly anayatsanso.

"Ndi mafuta a m'zigubuwa, amathira madzi," anayankha mnzake. "Mawa tiitane mmisiri."

Palibe anacheuka. Ngakhale kuwaganizira kuti ndi iwo, palibe. A Lenard anaika chala pabatani kachitatu, koma chala chinangokhala pomwepo. Ndiye msodzi wina amene anagona chammbali pafupi ndi khomo, osadzutsa n'komwe mutu kuti aone amene akulankhula naye, anati:

"Inu a pakhomo, lowani kapena tulukani. Mukulowetsa dzuwa."

A Lenard anatsitsa chiguduli. Anafufuza malo ndi phazi mumdimamo, nakhala pamchenga, kumbuyo kwa anthu onse.